Momwe tinamangiranso giyabokosi ya otomatiki kuti ipirire Khwekhwerere

Mlembi wathu wandipempha kuti zomwe ndilankhule pano zilowenso m'kalata ya kalabu, ndiye amene muwerenge izi pafoni, dziwani kuti ndikulankhula ndi inunso.

Ambiri mukudziwa kuti chilembereni mayeso a MSCE ndakhala ndikupita ku galaja ya amalume anga ku Biwi, uku ndikudikira mwayi wa sukulu ya ntchito zamanja. Ena mumandiseka kuti zikhadabo zanga sizidzayeranso. Palibe kanthu. Lero ndabwera ndi nkhani ya ntchito imodzi yomwe inatitengera masabata atatu: kuphwasula giyabokosi ya otomatiki ya pikiapu n'kuimanganso kuti ikhale yolimba kuposa momwe inalili. Ndikudziwa kuti pano palibe mwini galimoto. Koma ena muli kusukulu yoyendetsa, ena mudzalembedwa udalaivala, ndipo ena kwanu mumadya chifukwa cha pikiapu imodzi. Ndiye tamverani.

Galimoto yake ndi Toyota Hilux ya injini ya dizilo ya 3.0 D-4D, ya magiya anayi. Eni ake ndi mayi ena a geni ya nsomba. Kawiri pa sabata amapita cha ku Monkey Bay, n'kubwerako ndi nsomba zaziwisi m'mabokosi odzaza ayisi, kumbuyo akukoka kangolo. Njira yawo ndi ya ku Golomoti, kukwera Khwekhwerere kukatulukira pa Masasa mu M1, kenako Dedza mpaka Lilongwe. Amene munadutsako mukuidziwa. Kumunsi kuja kumatentha ngati ng'anjo, ndiyeno msewu umayamba kukwera mokhotakhota, galimoto yolemedwa ikukwawa.

Inafika pagalaja mu Okutobala itanyamulidwa pa lole. Dalaivala anati injini imalira koma galimoto siyenda molingana ndi kulirako, ndipo akaika pa D amadikira kaye isanagwire. Buku la Toyota limati kuchokera pa N kupita pa D giya izigwira pasanathe sekondi 1.2, pa rivesi 1.5. Iyi inkatenga masekondi anayi kapena asanu. Chowawa n'chakuti miyezi inayi yokha m'mbuyomo mayi aja anali atalipira kale galaja ina kuti ikonze vuto lomwelo, ndi ndalama za ku banki m'khonde zomwe anali asanamalize kubweza. Anauza amalume mosabisa kuti ikafanso ulendo uno geni yatha, ndipo ali ndi ana awiri ku sekondale.

Anafunsa ngati sikwabwino kungogula giyabokosi ina yakale yochokera kunja. Amalume anati zimatheka, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mugula chinthu chotseka, chotsukidwa kunja, osadziwa kuti chinayenda mtunda wotani. Komanso chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chinakwera mtengo. Chachikulu chomwe ananena n'chakuti ngakhale mutaikamo yatsopano, ngati simunapeze chomwe chinapha yoyambayo, chidzaphanso yachiwiri. Mawu amenewa ndi amene ndabwera nawo lero. Zina zonsezi ndikungofotokoza momwe tinawatsatirira.

Kuti timvane, ndiyambe ndi momwe chinthuchi chimagwirira ntchito. Giyabokosi ya mu Hilux imeneyi ndi ya m'banja la A340, yopangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Aisin. Banjali linayamba m'ma 1980, ndipo mulipeza mu Hilux Surf, mu Prado zakale, ngakhale mu Jeep Cherokee komwe amaitcha AW4. Ndi giyabokosi ya mbiri yabwino, yosafa wambawamba.

Pakati pa injini ndi giyabokosi pali chinthu chozungulira ngati dzungu lachitsulo, dzina lake torque converter, ife timangoti konveta. Tengani mafani awiri muwayang'anitsane. Mukayatsa imodzi, mphepo yake imazunguza inzake ngakhale simunaiyatse, eti? Mu konveta ndi momwemo, kungoti m'malo mwa mphepo muli mafuta. Gudumu limodzi limazungulira ndi injini n'kumaponya mafuta, lachiwiri limalandira mafutawo n'kuzunguza shafiti ya giyabokosi, ndipo pakati pali lachitatu laling'ono lomwe limabweza mafuta kuti mphamvu ichuluke pafupifupi kawiri galimoto ikamanyamuka. Ndiye chifukwa chake otomatiki imaima pa maloboti ili m'giya injini osazima. Koma gwirani ichi: nthawi yonse yomwe magudumu awiri aja akuzungulira mosiyana liwiro, mafuta akutentha. Galimoto ikafika pa liwiro lokhazikika, kalachi ya m'kati mwa konveta imawamanga pamodzi, kutentha n'kuchepa. Pachitunda ndi katundu, galimoto ikukwawa, kalachi imeneyo nthawi zambiri sigwira. Konveta imangophika mafuta.

Kumbuyo kwa konveta kuli pampu yomwe imakankha mafuta mwamphamvu. Kenako kuli magiya enieniwo: giya yapakati, timagiya tozungulira yapakatiyo, ndi mkombero wa mano wakunja. Mano ake amakhala olumana nthawi zonse. Kusintha giya ndi kugwira chiwalo china kuti chisazungulire, kapena kumanga ziwalo ziwiri pamodzi. M'giya yoyamba injini imazungulira pafupifupi ka 2.8 kuti shafiti yakumbuyo izungulire kamodzi, yachiwiri ka 1.5, yachitatu zimafanana, yachinayi injini ndiyo imazungulira pang'ono kuposa shafiti.

Ntchito yogwira ndi kumanga ija ndi ya makalachi. Kalachi iliyonse ndi mulu wa mbale zopyapyala zosanjikizana: yachitsulo, yokutidwa ndi chinthu chonga pepala lolimba, yachitsulo, yapepala, choncho. Mafuta akakankha pisitoni, mbalezo zimafinyana n'kugwirana. Mafuta akachoka, masipuling'i amabweza pisitoni, mbale n'kumasuka. Wolamula kuti mafuta apite ku kalachi iti ndi valve body, chitsulo chophwatalala chokhala pansi pa giyabokosi. Mukachitsegula muli tinjira tambirimbiri ngati mapu a ku Kawale, muli mavavu, timasipuling'i ndi timipira ting'onoting'ono. Kompyuta ya galimoto imatsegula ndi kutseka tinjirato kudzera mu ma solenoid.

Mwaona kuti mafuta amodzi omwewo ali ndi ntchito zinayi? Kunyamula mphamvu mu konveta, kufinya makalachi, kufewetsa zitsulo, ndi kuchotsa kutentha. Ndiye mafuta akaonongeka, zonse zinayi zimaonongekera limodzi.

Tsopano imfa ya giyabokosi imayenda motere. Mafuta akatentha mopitirira kwa nthawi yaitali, timalabala totchinga mafuta pa mapisitoni, tomwe amakaniko amati ma seal, timauma n'kuyamba kudontha. Pisitoni sikankhanso mokwanira. Mbale zimaterereka m'malo mogwirana. Kuterereka kumabala kutentha kwina. Pepala lija limapsa n'kumanyenyeka, zinyenyeswazo n'kulowa m'mafuta, kukatseka sefa ndi kumata mavavu. Mphamvu ya mafuta imatsikiratsikira. Chinthu chimodzi chimakoka chinzake mpaka galimoto itaima pamsewu.

Ife sitinayambe ndi sipanala. Amalume anandiuza kuti ndisolole dipstick ndinunkhize. Mafuta abwino amakhala ofiira, oonekera. Awa anali akuda ngati khofi, akununkha ngati nsima yopserera. Akanakhala otuwa mofiirira ngati mkaka wothira sobo, tikanadziwa kuti madzi a mu radiyeta alowamo, chifukwa mafuta a giyabokosi amakazizira m'kapaipi kodutsa m'thanki ya radiyeta, ndipo kakabooka zimasakanikirana. Kenako tinalumikiza geji yoyezera mphamvu ya mafuta, tinapeza ili pansi pa yomwe buku limanena. Tinamasula sampu. Pansi pa sampu pamakhala timaginito togwira fumbi lachitsulo. Phala lotuwa losalala pang'ono ndi lachibadwa. Ife tinapeza matope akuda ndi tizidutswa tonyezimira.

Titaphwasula, nkhani ya ulendo woyamba uja inadziulula yokha. Amene anakonzawo anasintha mbale za kalachi imodzi yomwe inapsa, basi. Malabala ena anali akale, olimba ngati pulasitiki, ukawapinda amathyoka. Konveta inali yomweyo. Mapaipi opita ku radiyeta anali osatsukidwa. Ndiye kuti tsiku lomwe galimoto inatuluka, zinyalala zakale zinabwerera m'mbale zatsopano. Sindikunyoza munthu, mwina ndalama zomwe anapatsidwa zinathera pomwepo. Koma ndi kusiyana kumeneku komwe ndikufuna mukumve, pakati pa kusintha chomwe chapsa ndi kuchotsa chomwe chikuotcha.

Lamulo loyamba pomanganso ndi ukhondo. Mukudziwa fumbi la Lilongwe mu Okutobala. Amalume anatulutsa zonse m'kachipinda kosungira zida, tinakolopa, tinawaza madzi pakhomo, tebulo tinayala pulasitiki. Sanza zothothoka ulusi n'zoletsedwa, chifukwa kaulusi kamodzi kakhoza kumata vavu. Chiwalo chilichonse timatsuka n'kuumitsa ndi mphepo ya kompuresa. Chilichonse chotuluka timachiika pamzere momwe chatulukira, nkhope yake kuyang'ana komwe inayang'ana. Ine ntchito yanga yoyamba inali kujambula ndi foni sitepe iliyonse. Foni yomwe ija mumati ndimangoonera mpira.

Lamulo lachiwiri ndi kuyeza. Apa ndi pomwe ndinadabwa, chifukwa ndinkaganiza kuti umakaniko ndi mphamvu za manja. Tengani pampu. Mpata wa pakati pa magiya ake ndi chivundikiro umayenera kukhala mamilimita 0.02 mpaka 0.05, ndipo ukapitirira 0.1 pampuyo yatha ntchito. Pepala la m'kope lanu ndi lochindikala pafupifupi 0.1. Ndiye kuti mpata wokwana pepala limodzi ndi wokwanira kupha pampu, ndipo ndi maso simungauone. Timayeza ndi timalata topyapyala tolembedwa manambala, feeler gauge. Yathu inali pafupi ndi malire. Amalume anati galimoto ya m'tauni akanaisiya, koma ya Khwekhwerere ayi. Tinasintha.

Kalachi iliyonse nayo ili ndi mpata wake. Mukaipanikiza kwambiri, mbale zimakhuzana ngakhale pomwe zikuyenera kumasuka, n'kupsa. Mukaisiya yotayirira, imachedwa kugwira, n'kuterereka. Opanga anadziwa zimenezi, ndiye mbale yomalizira ya pamwamba imapezeka mochindikala mosiyanasiyana, mumasankha yomwe ikupatseni mpata wolembedwa m'buku. Kalachi ina tinaimanga n'kuimasula katatu. Ndinatopa, ndinati amalume, kasiyanidwe kake n'kochepa. Iwo anati kuona maso a nkhono n'kudekha, masula. Tikamaliza iliyonse, timapopera mphepo pabowo la mafuta n'kumvetsera. Pisitoni yabwino imati thi! kamodzi. Ikamapuma mphepo ngati tayala lobooka, labala lalumidwa, yambiraninso.

Tinasintha malabala onse, magasiketi onse, sefa, ndi mbale zonse zapepala, zopsa ndi zosapsa zomwe. Mbale zatsopano timaziviika m'mafuta a giyabokosi mphindi zosachepera 15 tisanaziike, chifukwa zikayamba ntchito zouma zimapsa tsiku loyamba. Mbale zachitsulo zomwe zinasanduka zabuluu ndi kutentha kapena kupindika tinataya. Tinasintha mabushi omwe mashafiti amazunguliramo, chifukwa bushi yokutha imathawitsa mafuta. Mulinso timakalachi tina tomwe timalola kuzungulira mbali imodzi yokha, ngati pedulo ya njinga: ukapalasa chamtsogolo imagwira, chambuyo imangozungulira. Timeneto mukatiika chozondoka, giya ina sigwira, ndipo mudzadziwa giyabokosi ili kale m'galimoto.

Pofika apa tangobwezeretsa giyabokosi momwe inalili ili yatsopano. Nanga kuilimbitsa? Tinachita zinthu zinayi.

Choyamba, mbale. Ma A340 sali ofanana m'kati. Yopangidwira injini yamphamvu ili ndi mbale zambiri m'makalachi ena kuposa ya injini yaing'ono. Mbale zikachuluka, malo ogwirana amachuluka, kalachi n'kunyamula mphamvu zambiri isanatereke. Ena amafuna kuonjezera mbale paliponse pogwiritsa ntchito zachitsulo zopyapyala kuti zikwane. Amalume anakana. Anati mbale yachitsulo ndi yomwe imameza kutentha panthawi yosintha giya, ndipo yopyapyala imatentha msanga n'kupindika. Tinaonjezera pomwe malo analola popanda kuchepetsa chitsulo, kwinako tinangoika mbale zabwino zenizeni, osati zotchipa zopanda dzina.

Chachiwiri, kasinthidwe ka giya. Opanga galimoto amafuna kuti giya isinthe mofewa, wokwera asamve. Kuti zitero anaikamo timapisitoni ta masipuling'i, ma accumulator, tochedwetsa kugwira kwa kalachi. Koma kufewa kumeneko ndi kuterereka kwa kanthawi, ndipo kuterereka ndi kutentha. Pa galimoto yonyamula katundu timalimbitsako pang'ono masipuling'i amenewa kuti kalachi igwire mwachangu. Ndati pang'ono. Mukapyola, giya imamenya ngati mwagundidwa kumbuyo, ndipo kumenyako kumathyola zina: mano a magiya, ma joint a propshaft, ngakhale difu. Kulimbitsa chiwalo chimodzi mopitirira ndi kungosamutsa vuto kupita kwa chinzake.

Chachitatu, konveta. Imeneyi ndi yowotcherera, simungaitsegule ndi sipanala, ndipo kuthiramo mafuta n'kukhutula sikuchotsa zinyalala zomwe zabisala m'kati. Njira ndi ziwiri: akatswiri aidule pa makina, asinthe kalachi ya m'kati, aiwotchererenso, kapena mugule ina. Ife tinaitanitsa yokonzedwa kale kuchokera ku Joni. Ndiyo inatidikiritsa masiku ambiri, ndipo ndiyo inadya ndalama zambiri. Mayi aja anadandaula, koma amalume anawaonetsa zomwe zinatuluka mu yakale ija titaikhutulira m'beseni. Sananenenso kanthu.

Chachinayi, chomwe kwa ine ndi chachikulu kuposa zonse, kuziziritsa. Radiyeta inali yakale, tinaika ina. Mapaipi tinawatsuka mpaka zotuluka zitayera. Kenako tinaonjezera kula yachiwiri, karadiyeta kakang'ono ka mafuta okha, kutsogolo komwe kumaomba mphepo. Mafuta amachoka mu giyabokosi, amadutsa mu radiyeta, amadutsa mu kula yatsopano, n'kubwerera. Tinaikanso geji ya kutentha kwa mafuta pa dashibodi kuti dalaivala aziona yekha. Pa zonse zomwe tinagula, ziwiri zimenezi sizinali zodula kwambiri, koma ndi zomwe zikulimbana ndi mdani weniweni uja.

Tsopano ndikuuzeni za tsiku lomwe ndinatsala pang'ono kuononga ntchito yonse. Valve body amalume anandilola kuti ndiitsuke ndekha, koyamba. Ndinati muli timipira. Kampira kalikonse kali ndi bowo lake, ntchito yake ndi kutseka njira ya mafuta mbali imodzi n'kutsegula mbali ina. Ndinatsuka, ndinabwezera potsatira chithunzi, amalume anamanga mabauti onse ndi sipanala yoyezera, tinaika sampu. Inali cha m'ma 5 koloko, mawa lake giyabokosi ikwere m'galimoto. Ndikusesa, ndinanyamula thireyi yomwe ndinatsukiramo. Pansi pake panali kampira kamodzi, kochepa kuposa njere ya nandolo.

Anzanga, ndinaima nako m'manja. Amalume anali panja akusamba m'manja. Palibe anaona. M'mutu munabwera maganizo akuti timipira tilipo tambiri, kamodzi kangalakwitse chiyani? Komanso ndinkaopa. Anali atangoyamba kundikhulupirira, ndipo anali atalonjeza kundithandiza fizi ndikapeza malo kusukulu. Koma ndinakumbukira mayi aja ndi ngongole yawo.

Ndinatuluka, ndinati, "Amalume, pepani, ndapeza aka."

Anakayang'ana nthawi yaitali. "Wakapeza pati, mphwanga?"

"Pansi pa thireyi."

Sanakalipe. Anati, "Ukanakaponya m'thumba, galimoto ikanatuluka ndithu. Mwina giya ina ikanamamenya, mwina kalachi ina ikanamalandira mafuta osakwanira n'kupsa pang'onopang'ono. Ikanabwera patatha miyezi itatu, ndipo tikanamanamizira mbale. Tenga sipanala."

Tinamasula usiku womwewo ndi tochi ya foni, magetsi atazima. Titafanizira ndi chithunzi cha m'buku tinapeza bowo lopanda kampira. Pachithunzi changa bowolo linabisika ndi mthunzi wa chala changa. Kuyambira tsiku limenelo timipira ndimatiwerenga potulutsa, ndimalemba nambala papepala, ndimatiwerenganso pobwezera.

Pokweza giyabokosi palinso msampha wina womwe wapha mapampu ambiri. Konveta imayenera kulowa mpaka kumapeto, ikalumane ndi mashafiti ndi pampu. Mumaizunguza uku mukukankha, imalowa pang'onopang'ono, sitepe ndi sitepe, kenako mumayeza ndi lula kuti yalowa mokwanira monga buku likunenera. Ikatsala panja inu n'kukoka giyabokosi ndi mabauti kuti ikumane ndi injini, mwaswa pampu musanalize n'komwe injini. Giyabokosi izikumana ndi injini ndi manja. Ikakana, pali chifukwa, musaikakamize.

Mafuta nawo si aliwonse ofiira. Ma A340 akale amamwa Dexron, apambuyo pake Toyota T-IV, ndipo nthawi zambiri mtundu wake umalembedwa pa dipstick. Werengani. Poyeza, galimoto iime pamalo osapendekeka, mafuta atenthe kufika madigiri 70 mpaka 80, injini ikulira, mudutse magiya onse n'kubwerera pa P. Akachepa pampu imayamwa mpweya. Akachuluka amachita thovu, ndipo thovu silifinya kalachi.

Tsiku lokayesa ndinakwera nawo. Tinatsika mpaka ku Golomoti, tinapakira matumba a mchenga, tinatembenuka. Amalume anamata katepi kofiira pa geji pa madigiri 110, anauza dalaivala kuti singano ikafika apo apatuke pamalo abwino, aike pa P, injini asazimitse, kuti pampu ipitirize kuyendetsa mafuta mu kula mpaka atazizira. Ine maso anga anali pa singano njira yonse. Inakwera, inakwera, kenako inaima isanafike pa tepi. Pa Masasa amalume anagula chimanga chootcha, anandipatsa chachikulu. Kwa iwo kumeneko ndiye kuyamikira.

Koma pobwerera anamuuza dalaivala kuti theka la ntchito latsala m'manja mwake. Izi ndi zomwe inu mungazigwiritse ntchito ngakhale simudzagwira sipanala. Pachitunda ndi katundu musasiye pa D kuti galimoto izisinthasintha yokha pakati pa giya yachitatu ndi yachinayi. Ikani pa 3, kapena zimitsani O/D ngati galimoto yanu ili ndi batani lake, ndipo chitunda chikakula tsikirani pa 2. Injini izungulire momasuka, konveta ipume. Mukaima pachitunda, gwirani ndi buleki, osati ndi moto. Musaike rivesi galimoto isanaimiretu. Poimika, kokani handibuleki kaye kenako P, chifukwa chomwe chimagwira pa P ndi kachitsulo kamodzi kolowa m'mano, sikanapangidwe kunyamula pikiapu yodzaza pamtsetse. Potsika phiri musaike pa N pofuna kupulumutsa dizilo. Tsikani ndi giya yotsika, injini ithandize mabuleki. Mukatitimira mumchenga kunyanja, ikani L4 ngati ilipo, m'malo momenyanitsa D ndi R. Galimoto ikafa, musaikoke mtunda wautali matayala akumbuyo ali pansi musanamasule propshaft, chifukwa injini ikazima pampu siyenda, ndipo zam'kati zimazungulira zouma. Otomatiki ngati iyi siliranso ndi kukankha, musavutitse anthu.

Ndipo katundu. Hilux inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi. Amalume anawauza mayi aja maso ndi maso kuti palibe mbale, palibe kula, yomwe ingasandutse pikiapu kukhala lole. Anagwirizana kuti mabokosi achepe, ndipo azinyamuka kunyanja m'bandakucha kuti Khwekhwerere azimukwera kusanatenthe. Mafuta azibwera tiziwaona pafupipafupi, osadikira kuti ade. Pokhutula pa sampu amatuluka ochepa chabe, ambiri amatsalira mu konveta ndi m'mapaipi, ndiye kusintha kamodzi patapita zaka sikukwanira.

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Galimoto ija inabwera sabata yatha kudzasintha mabuleki. Ndinasolola dipstick osauzidwa. Mafuta akadali ofiira. Sindinganene kuti sidzafanso, chilichonse choyenda chimatha. Koma ngongole ija mayi aja anamaliza, ndipo anatisiyira chambo ziwiri.

Ndimalize ndi pempho. Ena mwa inu masamu a madesimo munkati tidzawagwiritsa ntchito kuti. Ine ndinali mmodzi wa iwo, ndipo 0.05 ndi 0.5 ndinkazisokoneza mpaka Fomu 4. Pagalaja kusokoneza kumeneko ndi pampu ya munthu. Chingerezi chomwe tinkadana nachonso ndi chomwe chili m'buku la giyabokosi. Ndiye amene mudakali pasukulu, musazitaye. Magalimoto ambiri omwe akulowa m'dziko muno kuchokera ku Japan ndi a otomatiki, pomwe amakaniko ambiri omwe ndimawadziwa anaphunzirira pa manyuwalo, ndipo otomatiki ikawapeza amangoti gulani ina. Pamenepo pali ntchito, ya anyamata ndi atsikana omwe.

Amalume avomera kuti Loweruka likudzali m'mawa anthu asanu abwere adzaone. Pali giyabokosi ina yakufa yomwe timaphunzirirapo, mudzaiphwasula ndi manja anu. Lembetsani kwa mlembi tikatha pano, ndipo atsikana awiri akhalepo ndithu. Valani zovala zomwe simuzidandaula. Timipira tidzawerengera limodzi.

Ngati pali mafunso, ndilipo.